Fastnet tili awiri okha: tiyambire pati?

Wamafunde: Akuluakulu, tikufuna kulowa mpikisano wa Fastnet tili awiri m'boti la matanga. Kuchoka ku Cowes ku England, kuzungulira thanthwe la Fastnet kufupi ndi Ireland mpaka ku Cherbourg ku France ndi mamailosi apanyanja pafupifupi 695. Tikonze chiyani choyamba?

Chiwongolero: Yambani ndi autopilot (makina odziwongolera okha boti), imeneyo ndiye munthu wanu wachitatu. Pamafunde aakulu imadya batire kwambiri, choncho yezani magetsi amene imatha usiku wonse, ndipo nyamulani ram (mkono wa autopilot wokankha chiwongolero) yapadera. Zingwe zonse zochepetsera tanga zifike pa cockpit (pamene mumakhala powongolera boti), kuti mmodzi athe yekha mnzake ali mtulo.

Mwera: Tulo ndi timene timagwetsa ambiri, achimwene. Muzisinthana maola awiri kapena atatu, wopumayo agone ndithu. Usiku dzimangirireni ku jackstay (chingwe chachitetezo chomangidwa m'litali mwa boti) musanatuluke panja, chifukwa mukagwera m'madzi mnzanu akugona, boti limangopitirira. Kabikoni ka AIS (kachipangizo kosonyeza maboti pamene muli mukagwera m'madzi) kazikhala m'jekete yoyandamitsa. Madzi akumwa, malita atatu munthu aliyense patsiku.

Chiwongolero: Musaiwalenso kuti RORC (bungwe lokonza mpikisanowu) imafuna muchite mamailosi 300 a mpikisano wapanyanja m'miyezi 12 tsikulo lisanafike. Ku Portland Bill (nsonga ya mtunda kugombe la kummwera kwa England) werengeranitu nthawi ya kukwera ndi kutsika kwa madzi: akamakokera kum'mawa inu mukupita kumadzulo mphepo ili yochepa, mudzabwerera chammbuyo.