Kodi mmisiri wa Trade Test angakhale inisipekitala wa zomangamanga ku khonsolo?

Abale anga pagulu pano, ndithandizeni nzeru, makamaka inu amene munagwirako ntchito ku khonsolo. Ine ndine mmisiri womanga. Ndili ndi MSCE komanso Trade Test Grade 1 ya bricklaying, ndipo panopa ndine foromani kwa kontilakita wina wamng'ono ku Lilongwe kuno. Kuwerenga pulani, kutchera levulo, kuwerengera zitsulo za silabu, zonsezo ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Koma mtima wanga uli pa ntchito ya inisipekitala, uja amayendera nyumba zikamamangidwa.

Chomwe chikundiwawa ndi zomwe ndikuziona m'mapuloti. Posachedwapa mayi wina wamasiye anandiitana kuti ndikaone nyumba yake, khoma litang'aluka kuyambira pawindo mpaka pansi. Titakumba m'mbali mwa maziko tinapeza konkire yopyapyala ngati chikhatho, ukaikanda ndi msomali ikungoyoyoka, ndipo pulasitiki yotchinga chinyontho panalibe. Ndalama zonse za penshoni ya malemu amuna awo zinathera pamenepo. Pakanafika munthu wodziwa asanakwirire, sizikanatero.

Ndiye ndikufunsa: kodi pepala langali likukwana, kapena ndibwerere kusukulu? Ngati ndi sukulu, ndikaphunzire chiyani, kuti? Ndili ndi banja, sindingangosiya ntchito mwachisawawa. Komanso ndiuzeni zoona, inisipekitala ali ndi mphamvu zoimitsa ntchito, kapena amangosaina mapepala?

Bambo wina amene anapuma ntchito ku khonsolo:

Achimwene, funso lanu landikhudza chifukwa ntchito imeneyi ndinaigwira. Ndiyambe ndi pepala. Grade 1 ndi pepala lolemekezeka, koma zotsatsa ntchito zomwe ndakhala ndikuziona kawirikawiri zimafuna dipuloma ya civil engineering, ya construction kapena ya architecture, kuphatikiza zaka zogwira ntchito pasaiti. Zakazo muli nazo kale, chatsala ndi dipuloma. Kafunseni ku MUBAS, ija tinkaitcha Polytechnic ku Blantyre, komanso ku Lilongwe Technical College poti muli pafupi. Funsaninso a TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ngati luso lanu angaliwerengere kuti musayambire pansi penipeni. Maudindo ena amalemba ndi a Local Government Service Commission, ena khonsolo imalemba yokha, ndiye muziyang'ana mbali zonse ziwiri.

Tsono ntchito yake. Anthu amaganiza kuti inisipekitala amapita kukaona ngati khoma lawongoka. Khoma ngakhale mwininyumba amaliona yekha. Inu mumapita kukaona zomwe mawa zidzakhale zitabisika. Ngalande za maziko muzione asanathire konkire: kodi zafika pa dothi lolimba, kapena akumba m'dothi lothira, kapena ndi dongo la kudambo lomwe limafufuma dzinja n'kung'aluka chilimwe? Zitsulo muzione asanathire silabu: pulani yalemba Y12 (chitsulo cha mamilimita 12) koma iwo ayika Y10, chocheperako, kuti apulumutse ndalama, kapena zagona pa thabwa popanda timiyala tozitukula, ndiye konkire siizikuta ndipo dzimbiri lizidya. Muonenso ring beam (lamba wa konkire womanga khoma pamwamba), kenchi ndi mmene aimangirira kukhoma, mapaipi a zonyansa asanakwirire, sepitiki tanki kuti yatalikirana bwanji ndi chitsime cha neba. Konkire ikauma, mwachedwa. Mukhoza kungopempha zotsatira za ma cube, timabuloko ta konkire toonera kulimba kwake, omwe amawayeza pakatha masiku 7 ndi 28, ngati anawatenga n'komwe.

Musanafike pa zonsezo, choyamba ndi kuyika pulani yovomerezedwa pambali pa zomwe zili pansi. Ambiri amapereka pulani ya nyumba yapansi, ikadindidwa n'kuwonjezera yosanja pamaziko omwewo. Ena amalowa mumsewu kapena pansi pa mawaya a magetsi. Apa mphamvu zilipo. Physical Planning Act ya 2016, yomwe inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, pamodzi ndi malamulo a khonsolo, zimalola kupereka chikalata choimitsa ntchito, ndipo nkhani ikhoza kufika pogwetsa. Koma si inu nokha amene mumagamula. Inu mumalemba lipoti, akuluakulu ndi komiti ya mapulani ndi amene amapitiriza. N'chifukwa chake ndimauza achinyamata kuti aphunzire kulemba: tsiku, nambala ya puloti, zomwe mwapeza, chithunzi, amene munamuuza. Lipoti lanu likhoza kudzawerengedwa kukhoti.

Mlongo wina wa ku Blantyre, injiniya:

Bambo anena zoona, ndingowonjezera malire a ntchitoyi. Inisipekitala sajambula nyumba, ndipo sawerengera kuti mzati unyamula kulemera kotani. Imeneyo ndi ntchito ya injiniya wolembetsedwa ku Malawi Engineering Institution. Inu mumaonetsetsa kuti zomwe injiniya analemba ndi zomwe zikuchitika, ndipo mukakayika mumamuitana. Musasokonezenso ndi clerk of works, amene amakhala pasaiti imodzi kuyang'anira m'malo mwa mwini ntchito. Ndikunena dala chifukwa ndi Grade 1 yanuyo ndi zaka zanu, khomo la clerk of works likhoza kutseguka msanga, n'kumaphunzira uku mukulandira.

Kusukulu chomwe chimagwetsa amisiri ambiri ndi masamu ndi structures, phunziro la mmene nyumba imanyamulira kulemera. Yambani kudzikumbutsa lero. Dziwaninso za bungwe loyang'anira ntchito zomangamanga, lija tinalizolowera ndi dzina loti NCIC, kulembetsa kwa makontilakita, ndi malamulo a 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda. Ife kuno namondwe wa Freddy mu March 2023 anatiphunzitsa mowawa ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, kuti nkhani si simenti yokha. Malo omwe nyumba yakhala nawonso amapha. Ku Karonga zivomezi za December 2009 zinaonetsa zomwe zimachitikira khoma lopanda chomangirira pamwamba.

Mmisiri mnzake:

Amwene, ine ndikuuzeni zomwe enawa sakunena. Foromani wabwino akapeza maganyu ake apambali amatha kuposa malipiro a ku khonsolo. Kumeneko mudzapeza masaiti ambirimbiri, galimoto imodzi, mafuta palibe. Ndiye mwininyumba amabwera kudzakutengani pa galimoto yake, akugulirani nkhomaliro, kenako mukamuuze kuti aphwasule? Ena adzakuponyerani ya fanta, mukakana aimbira foni akuluakulu. Ganizani kaye bwino, ana akufuna fizi.

Bambo opuma ntchito aja:

Mnzathuyu sakunama, mavutowo alipo ndipo ine ndinakumana nawo. Koma ndikutsutsa pang'ono. Amene amagonja msanga ndi uja sakutsimikiza zomwe akunena. Kontilakita akamuuza kuti "timapanga chonchi nthawi zonse," amangoti zii. Achimwenewa sangapusitsidwe choncho, chifukwa akudziwa kuti thumba la simenti la makilogalamu 50 likamwazidwa pa mawilibala ochuluka, mtundu wa matope umaoneka bwanji. Angogwira m'manja adziwa kuti mchengawu ndi wadothi. Zimenezo m'kalasi saphunzitsa. Langizo langa pa za mafoni: chilichonse chilembedwe. Wamkulu akakuuzani pakamwa kuti musiye, inu lipoti lanu mwapereka kale ndipo kope yake mwasunga. Ndipo musamapite nokha kokapereka chikalata choimitsa ntchito, anthu amapsa mtima.

Mayi wina amene akumanga:

Pepani ndilowerere ngakhale sindine wa ntchitoyi. Ife omangitsa ambiri sitidziwa kuti tikuyenera kuitana a khonsolo tisanathire maziko, kapena kuti pamapeto pamafunika satifiketi yolola kulowa m'nyumba. Timangomva za iwo akabwera kudzalemba pakhoma ndi penti yofiira. Mukadzalowa ntchitoyo, chonde muzidzatifotokozera m'Chichewa chomveka kuti chalakwika ndi chiyani ndipo tikonze bwanji. Amene anabwera kwanga anandionetsa ndi tepi kuti chimbudzi chayandikira mpanda wa neba, tinasuntha tisanawononge njerwa, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza.

Wofunsa:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu bambo ndi inu achemwali a ku Blantyre. Za malipiro ndamva amwene, ndipo ndikambirana ndi mayi a kunyumba tisanapange chiganizo. Ntchito sindisiya panopa. Ndiyamba ndi kufufuza dipuloma yophunzira Loweruka ndi Lamlungu kapena madzulo, uku ndikuyang'ana mwayi wa clerk of works. Chatsala ndi ichi: alipo pano amene analowa dipuloma kuchokera ku Trade Test? Anakuwerengerani Grade 1 ija, kapena anangoyang'ana masamu ndi Physical Science za pa MSCE? Masamu ndinakhoza ndi pass chabe, ndiye ndikufuna ndidziwe ngati ndiyambe ndalembanso mayeso amenewo chaka chikubwerachi.