Gulu la banja: Mileme ya kwa Agogo

Chisomo: Mwadzuka bwanji nonse. Ndikukumbutsanso za ndalama yokonzera denga la kwa Agogo, tinagwirizana kuti pofika kumapeto kwa mwezi aliyense akhale atatumiza. Pa anthu 8 amene atumiza yonse ndi 3 okha, a Malume, Tamanda ndi ine. Kondwani watumiza theka. Enanu sinditchula maina mukudzidziwa

Malume: Ine ndinanena kalekale, tipeze munthu apopere mankhwala mu siling'imo tsiku limodzi nkhani yatha. Zosonkhasonkha mwezi wathunthu n'zachani

Mayi Aang'ono: Achimwene fungo lake ndiye silikutipumitsa, kukatentha masana chipinda cha amayi simungakhalemo. Siling'i ya pakona ija yadereratu ndi mkodzo wake ndipo yayamba kulendewera, usiku ndiye kulira ndi kukandakanda mpaka mbandakucha amayi sakugona

Kondwani: theka linalo Lachisanu asisi, zinthu zandithina pang'ono

Chisomo: Lachisanu lake liti Kondwani

Alamu: Mwadzuka bwanji banja lonse, tsiku labwino 🙏

Mayi Aang'ono: Komanso dzulo madzulo umodzi unagwera m'chipinda cha ana, Dalitso anautola akuti ndi kambalame, ndinachita kumulanda n'kukautaya kuseri

Malume: Mwaonatu. Kupopera basi

Tamanda: Mayi dikirani kaye. Anaugwira ndi manja opanda kanthu? Unali wamoyo? Sunamulume kapena kumukanda?

Mayi Aang'ono: Unali wamoyo koma umangokwawa pansi osauluka. Akuti unamubaya pachala, ndayang'ana palibe bala, kakadontho kofiira basi ngati walumidwa ndi nyerere

Tamanda: Mayi chonde siyani zonse zimene mukuchita. Mutsukeni chalacho ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, ngakhale zinachitika dzulo tsukanibe, kenako mupite naye kuchipatala lero lomwe mukanene kuti walumidwa ndi mleme akufunika katemera wa chiwewe. Mano a mleme ndi ang'onoang'ono kwambiri, umatha kuluma osasiya bala looneka, ndiye kusaona magazi sikutanthauza kuti ali bwino. Ndipo mleme wabwinobwino sukhala pansi n'kumadikira mwana autole, umene ukukwawa pansi nthawi zambiri umakhala wodwala kapena wovulala

Malume: Chiwewe ndi cha agalu iwe Tamanda. Ife takulira m'nyumba imeneyo mileme ilimo, anafa ndani

Tamanda: A Malume n'zoona kuti anthu ambiri amachitenga kwa agalu, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi 99 mwa anthu 100 aliwonse odwala chiwewe amakhala atachitenga kwa galu. Komanso mileme yambiri ilibe matendawa, sindikukana. Koma ina imakhala ndi kachilombo ka chiwewe kapena tizilombo tina ta mtundu womwewo, ndipo sitingaudziwe poyang'ana, wa dzulowo unatayidwanso. Vuto la chiwewe ndi loti zizindikiro zikangoyamba palibenso mankhwala, munthu amamwalira. Chimatha kukhala chete miyezi 2 kapena 3 mwana akusewera bwinobwino. Katemera amagwira ntchito zizindikiro zisanayambe basi

Mayi Aang'ono: Ayi wandiopsa mwana wanga. Ndikumutsuka pano

Kondwani: Ine ndaona pa Facebook akuti mileme ndi imene imabweretsa matenda a Ebola ndi Marburg, ndiye Agogo tiwasamutse kaye abwere kwa asisi Chisomo nyumba ndi yaikulu

Chisomo: Nyumba ya Chisomo imakula pakakhala vuto basi

Malume: Ebola imeneyo ndiye ndikunena ine kuti tipopere zife zonse lero

Tamanda: Kondwani osaopseza anthu. Marburg imagwirizana ndi mileme ikuluikulu yodya zipatso imene imakhala m'mapanga ndi m'migodi, dzinalo linachokera ku mzinda wa Marburg ku Germany kumene matendawa anadziwika koyamba mu 1967. Anthu amene anayamba kudwala m'miliri ingapo anali olowa m'migodi kapena m'mapanga. Timileme ta m'dengati ndi tating'ono todya tizilombo touluka usiku, ndi mtundu wina. Zimene tikuyenera kuopa kwa Agogo ndi ziwiri, kulumidwa ndi fumbi la zitosi

Alamu: Fumbi la zitosi limatani alamu? Paja ine ndinasesa pa khonde paja ulendo watha uja

Tamanda: Zitosi zikaunjikana nthawi yaitali mumatha kumera fangasi wotchedwa Histoplasma, ukasesa zouma fumbi limalowa m'mapapo. Anthu ambiri athanzi sadwala n'komwe kapena amangokhala ngati chimfine, koma kwa munthu wamkulu ngati Agogo, khanda, kapena amene chitetezo cha m'thupi chili chotsika zimatha kuvuta kwambiri, chifuwa, kutentha thupi, kuonda, mpaka ena kumaganiziridwa TB. Tizitosi ta pakhonde musadandaule nato kwambiri alamu, nkhani ili mu siling'imo momwe zaunjikana zaka zonsezi

Malume: Zaka zonsezi chifukwa denga lija silinamalizidwe bwino. Ndalama zinasonkhedwa nthawi ija, ine ndisanene zambiri

Mayi Aang'ono: Achimwene nenani ngati muli ndi zonena, malisiti ndinasunga onse

Malume: Sindinatchule munthu

Chisomo: Chonde tisabwerere kumeneko. Achimwene a Yamikani ndikuona mukuwerenga mameseji onse, inu ndi amene munabweretsa mmisiri nthawi ija, nambala yake ikadalipo?

Alamu: Mwaona chithunzi cha Takondwa cha kusukulu? Ndaponya pa sitetasi, wakhala nambala 2 m'kalasi

Kondwani: eee wakula mwanayu, kutalika kwa bambo ake

Mayi Aang'ono: Zikomo Ambuye, mumuuze agogo ake akumunyadira

Malume: Nzeru ndi za kwathu zimenezo. Nanga yunifomu ija ndinagula chaka chatha ikumukwanabe?

Alamu: Yafupika kale malume, ana a masiku ano kukula kwake

Tamanda: Mayi mwanyamuka?

Mayi Aang'ono: Ndamaliza kumutsuka koma ya thiransipoti ndilibe, komanso amayi ndiwasiya ndi ndani

Chisomo: Ndikutumizirani pa ndalama yasonkhedwayi, tidzabweza enawa akatumiza

Kondwani: asisi koma imeneyo ndi ya denga, ikayamba kutapidwa pano mawa tidzauzidwa kuti tiwonjezerenso

Chisomo: Kondwani pa ndalama imeneyi yako ndi theka

Malume: Chotsani pa yanga. Mwana apite kuchipatala, zimenezo sitikambirana. Yonse imene ifunike kumeneko muchotse pa yanga ndidzabwezeretsa ndekha. Koma akabwerako tipopere

Tamanda: Zikomo a Malume. Mayi mukafunsenso ngati ali ndi mankhwala ena aja amabaya pabala penipeni, amati immunoglobulin, chifukwa kulumidwa ndi mleme amakuika m'gulu loopsa. Ndipo katemerayu si jakisoni wa tsiku limodzi, akamubaya lero adzabwereranso pakatha masiku 3, komanso pakatha masiku 7 kuchokera lero, mwinanso kena pambuyo pake, adzakulemberani pa khadi. Musadumphitse ngakhale akuoneka bwino. Akakuuzani kuti katemera watha musabwerere kunyumba, afunseni kumene alipo mundiimbire

Mayi Aang'ono: Ndamva. Ndalama yalowa Chisomo zikomo. Amayi ndawasiya ndi aneba

Malume: Ndiye opopera uja ndimuimbire abwere Loweruka?

Tamanda: A Malume ndikupemphani ndithu musamuimbire. Mukapopera mileme siifa nthawi imodzi, imafooka n'kumagwera m'zipinda ndi pabwalo, ndiye zimene zachitika kwa Dalitso zichitika kambirimbiri, ana akutola, mphaka akugwira. Ina ifera mu siling'i momwemo n'kuwola, fungo kuposa la panopa. Mankhwalawo Agogo akhala akuwapuma pansi pake ndi chifuwa chawo chija. Ndipo mabowo akadali otsegula pakapita nthawi ibwera ina

Malume: Ndiye tizingoiyang'ana?

Chisomo: Ayi malume, n'chifukwa chake tikusonkha. Kalipentala amene ndinalankhula naye anafotokoza bwino. Poyamba anthu awiri kapena atatu aime mbali zosiyana za nyumba dzuwa likangolowa aone pamene ikutulukira, chifukwa imalowa ngakhale pa kampata ka sentimita 1 kapena 2, pakati pa khoma ndi malata, pamwamba pokumana malata, paliponse pang'aluka. Atseke mipata ina yonse ndi simenti ndi waya wa sefa, asiye pamene imatulukira kwambiri. Pamenepo amaika kapaipi koloza pansi kapena sefa yolendewera yomata pamwamba ndi m'mbali koma yotsegula kumunsi, ikatuluka usiku imalephera kubwerera. Amasiya choncho pafupifupi sabata kenako n'kutsekeratu

Kondwani: bwanji osangotseka zonse masana kamodzi

Chisomo: Masana imakhala ili mkati yonse Kondwani, ukatseka waitsekera, ndiye iyamba kufuna njira yotsikira m'zipinda

Tamanda: Komanso ayambe wayang'ana ngati mulibe tiana. Tiana ta mileme timakhala masabata angapo tisanayambe kuuluka, amayi ake akatsekeredwa kunja timafera mkatimo. Ngati tilimo tidikire tiyambe kuuluka, pakadali pano tingomata mipata ya siling'i ya m'zipinda kuti isagwerenso kwa ana. Zitosi azichotsa mileme itatuluka, awaze madzi kaye kuti fumbi lisabuke, avale masiki ya N95 ndi magulovesi, aziika m'matumba n'kumanga. Tsiku limenelo Agogo ndi ana asakhale m'nyumbamo. Bolodi ya pakona ija ndiye ingochotsedwa

Malume: Sabata yathunthu, mwinanso kudikira tiana. Kupopera ndi tsiku limodzi

Alamu: Malume mverani a Tamanda, ndi ntchito yawo imeneyi

Malume: Ntchito yake ndi ya anthu odwala, za madenga anaphunzira kuti. Chabwino chitani zanuzo, koma mwezi ukatha ikadalimo ndibwera naye ndekha opopera

Chisomo: Bolodi yatsopano sinali pa mtengo umene kalipentala anatipatsa poyamba, ndiye ndalama ikwera pang'ono, ndikuuzani akayeza

Kondwani: ndinanena ine

Chisomo: Achimwene a Yamikani, asisi a Chikondi, a Mphatso, a Limbani, tsopano ndatchula. Kalipentala sayamba opanda ya zipangizo

Alamu: A Mphatso foni yawo inagwera m'madzi, anandiuza kuti ndikuuzeni

Chisomo: Dzulo anali pa intaneti mpaka usiku

Mayi Aang'ono: Tafika tili pa mzere. Ndawauza a nesi akuti ndachita bwino kubwera naye, katemera alipo, winayo wa pabala akufunsa kaye. Dalitso akulira akuopa jakisoni

Tamanda: Mumuuze akamaliza ndimuimbira pa vidiyo. Mukabwerera muwauze ana onse kuti mleme ukagwa asaukhudze, aitane wamkulu auvundikire ndi chitini kapena ndowa. Usiku uno agone m'neti ndipo chitseko cha chipinda chija chikhale chotseka

Malume: Khadi la masiku a jakisoni ulijambule uponye pano tonse tione. Ya thiransipoti ya maulendo otsalawo Chisomo uchotsenso pa yanga

Chisomo: Chabwino malume. Ndani angapezeke kwa Agogo Loweruka madzulo kukaona potulukira? Pakufunika anthu 3 ndi tochi

Kondwani: ine ndipezeka, ndibweretsanso makwerero

Chisomo: Ubweretsenso theka lija

Alamu: Ine ndi bambo a Takondwa tibwera

Chisomo: Achimwene a Yamikani nambala ya mmisiri ija