Kusintha mapaipi a power steering pa Hiace yakale

Funso: Akuluakulu, Hiace ikudontha oyilo wa power steering, pampu ikulira pokhota. Ndisinthe mapaipi onse awiri?

Yankho 1: Pukutani kaye muone podontha, achimwene. Paipi ya presha, yochoka ku pampu, musaimange ndi kilampu, iphulika. Gulani yatsopano kapena akakupangireni okonza mapaipi a hayidiroliki. Mawashala akopa pa bawuti ya banjo (bawuti yobowoka mkati yomangira paipiyo) ikani atsopano, akale amadonthabe.

Yankho 2: Paipi yobwerera ku thanki ya oyiloyo njosavuta, bola ikhale yopirira oyilo. Thirani ATF Dexron (oyilo wa giyabokosi ya otomatiki), lita imodzi imakwana. Brake fluid ayi, imadya ma seal (timphira totchinga oyilo kuti asadonthe).

Yankho 3: Kulirako ndi mpweya umene walowa mu oyilo. Jekani kutsogolo, injini ili chizimire, zungulizani chiwongolero uku ndi uku maulendo 15 mukuwonjezera oyilo. Kenako lizani injini mpaka thovu la mu oyilo lithe. Osachikanikiza kumapeto kupitirira masekondi 5, pampu imatentha.