Malamba a mpando pa CH 701 yomanga ndekha, 3 point, 4 kapena 5?

Kamba_wa_Makeni:
Abale muli bwanji nonse. Ndikumanga ndege ya Zenith CH 701 mu galaja kuno ku Makeni, injini ndi Rotax 912, manje ndafika pa mipando ndiye mutu waima pa nkhani ya malamba. Wina akuti ika wa 3 point ngati wa galimoto basi ndege yakoyo siithamanga, wina akuti 4 point, wina akuti popanda lamba uja wodutsa pakati pa miyendo ndiye kuti wangotaya ndalama. Ine zopidiguka mumlengalenga ayi, ndikungofuna ndizipita kumunda ku Chongwe, nthawi zina ku Lower Zambezi ndi amayi akunyumba. Komanso ndifunse ndithu, lamba wa galimoto wa ku ma spare m'tauni sangagwire? Akunja aja ukatembenuza madola mu kwacha kuwonjezapo msonkho zimawawa.

Mdala_Spanala:
Mwana wanga, musanawerenge ma point, malo omwe lamba amamangiriridwa ku ndege, yambani mwaona pomwe mukamangirire. Lamba wodula bwanji ngati bawuti yake yagwira pa kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu ndiye kuti tsiku la ngozi lambayo atsala bwinobwino koma chitsulocho ching'ambika, inu nkumapita kutsogolo. Ndege zing'onozing'ono za ku fakitale amaziwerengera kuti mpando ndi malamba zipirire 9g, ndiko kuti kulemera kwa munthu kuchulukitsa ka 9, kulowera kutsogolo, ndiye ngati mumalemera makilo 80 ndi makilo 720 amenewo akukoka pa mabawuti ochepa chabe. Mangirirani pomwe pulani ya Zenith yanena, ndi mabawuti a ndege otchedwa AN osati a ku hardware.

China chomwe anthu ambiri amachiphonya ndi malamba a pamapewa. Akachoka paphewa kupita kumbuyo azipita mowongoka kapena kukwera pang'ono, a FAA, bungwe loyang'anira za ndege ku America, m'chikalata chawo cha malangizo AC 21-34 amati kuyambira madigiri 5 kutsika mpaka 30 kukwera. Ambiri amaona kuti pansi kuseri kwa mpando mpofikirika bwino nkumangira pamenepo, lamba akukwera kumsana nkudzatsika kuchifuwa, ndiye ndege ikagunda thupi likamapita kutsogolo lambayo amakukanikizira pansi, msana umafinyika, munthu atha kupulumuka nkhope koma osadzayendanso. Wa m'chiuno naye akhale pakati pa madigiri 45 ndi 55, azigwira pa mafupa a chiuno osati pamimba.

Manje pa funso lanu lenileni, ine ndimati 5. Vuto la 4 point ndi lakuti ukakoka a pamapewa amanyamula buckle kuikweza pamchombo, ndiye pa ngozi umatsetsereka pansi pa lamba, lambayo nkulowa m'mimba momwe muli chiwindi ndi matumbo. Wachisanuyo ntchito yake ndi imodzi basi, kugwira buckle kuti isakwere. Ndipo 701 yanu ngati mwasiya ndodo yoyendetsera ya pakati ija yooneka ngati Y ndiye pakati pa miyendo palibe chopinga.

MaiPilot_Chelstone:
A mdala mwanena zoona koma ndikutsutsaniko pang'ono pa wachisanuyo. Achimwene akuti aziuluka ndi amayi akunyumba, mwaganizirapo mzimayi wavala chitenje kapena diresi kuti lamba ameneyo amudutsitsa bwanji? Chomwe chimachitika nchakuti amamusiya akulendewera pansi pa mpando, ndiye mwalipira 5 koma mukuuluka ndi 4. Ine kwanga ndi buluku nthawi zonse ndikakwera ndege koma si onse angavomere. Ngati mwaika 4 phunzirani kamangidwe kake, yambani wa m'chiuno mumukoke mpaka athine ali pansi pa mafupa, a pamapewa pambuyo ndipo osawakoka ngati mukumanga katundu pa njinga.

Wa 3 point sindimamuda, kuli bwino iye kusiyana ndi wa m'chiuno yekha, ku America ndege zing'onozing'ono zopangidwa pambuyo pa July 1978 anazilamula kukhala ndi lamba wa paphewa kumipando yakutsogolo chifukwa anthu ankaswa nkhope pa dashibodi pa ngozi zoti akanatuluka akuyenda. Koma amagwira phewa limodzi, ndege ikagunda chammbali thupi limapotokola nkuvuuka. Komanso ganizirani October kuno masana, kutentha kuja mphepo imakuponya mmwamba mutu kugunda denga, ndege yopepuka ngati 701 imamva kabampu kalikonse, pamenepo mapewa onse awiri akagwidwa umayendetsa mtima uli m'malo.

Kamba_wa_Makeni:
Zikomo kwambiri a mdala ndi amayi. Za chitenjezo ndaseka koma nzoona, ndikakambirana nawo kunyumba kkkk. Nanga za lamba wa galimoto palibe wandiyankha, komanso ndaona a magalimoto a mpikisano a 5 point ndi otchipako kusiyana ndi a ndege a kampani za Hooker kapena Schroth.

Jimmy_Rivet:
Abwana, lamba wa ku ma spare muiwaleni. Choyamba simudziwa kuti anachoka m'galimoto yotani, ngati inachita ngozi ulusi wake unatamuka kale ndipo ndi maso simungaone. Chachiwiri kachigubu kaja kokulunga lamba kali ndi kampira kachitsulo mkati, anakapangira kuti kakhale pa ngodya imodzi m'galimoto yake, mukakapendeketsa kamaloka kokha, manje 701 momwe imadzutsira mphuno ponyamuka muzingolimbana nako. Enanso amakhala ndi kamzinga kophulika kokokera lamba pa ngozi, zimenezo mu ndege simukuzifuna.

A mpikisano ndi nkhani ina, omanga okha ambiri amawagwiritsa ntchito ndipo ndi olimba, koma onani deti pa kansalu kake, mabungwe oika miyezo ya mipikisano ya magalimoto ndi awiri, a SFI pa muyezo wawo wa 16.1 amawapatsa zaka 2 zokha, a FIA zaka 5, wina angakugulitseni otha kale nthawi. Ambiri ndi a mainchesi 3, olemera, pakhosi amakwecha, a mainchesi 2 ndiye amakhala bwino mu kandege kotere. Musanalipire funsani kaye a ZCAA, bungwe loyang'anira za ndege kuno ku Zambia, kapena amene adzakuyenderani ndegeyo kuti avomera chani, mwina adzafuna kuona chizindikiro cha TSO chosonyeza kuti lambayo anakwanitsa muyezo wa FAA wa zipangizo za ndege, ndiye musadzagule kawiri.

Pa buckle ine ndimakonda yopotokola ija, dzanja limodzi malamba onse amasuka, ukatera kutchire ndege nkugudubuka petulo akununkha sufuna kumafufuza kuti ndiyambe uti. Ndipo dzuwa la kuno limadya nayiloni, mukaimika panja phimbani magalasi, lamba akayamba kuyezuka mtundu ndi kuuma ameneyo wapita.

Mdala_Spanala:
Chimodzi ndiwonjezere mwana wanga, musanaboole chilichonse khalani pampando ndi khushoni lenileni lomwe mudzagwiritse, wina akumangeni zingwe wamba m'malo mwa malamba akoke mapewa mpaka mugwire msana, kenako yesani kufikira throttle, ma flap, mpopi wa mafuta ndi chitseko. Chomwe simuchifikira chisunthidwe panopa, apo ayi mufunika a pamapewa okhala ndi kachigubu ka ndege kokulolani kuwerama. Amayi akunyumbanso akhalepo muyese, mapewa awo ndi anu sali pa msinkhu umodzi ndiye madigiri aja atha kusiyana mbali ziwirizo. Pa wachisanu boolani ndi kulimbitsa malo ake ngakhale mutayamba ndi 4, ndege ikatsekedwa pansi pa mpando mpovuta kufikapo. Tumizani chithunzi cha kuseri kwa mipando ndione.