Kodi masewera akatchuka ndiye kuti anakonzedwa bwino?

Wa ku Kapata:
Akuluakulu, tikufuna kugulira kalabu ya achinyamata kuno ku Chipata masewera a pathebulo. Ena akuti tingotenga Ludo ndi Monopoly poti ndi amene aliyense amawadziwa. Kodi kutchukako ndi umboni woti malamulo ake ndi abwino?

Mphunzitsi wa ku Katete:
Ayi bambo. Kutchuka kumangotiuza kuti masewerawo ndi otchipa, ali mbwee m'masitolo, ndipo mwana sachedwa kuwagwira. Taonani Ludo. Kuti mutuluke m'nyumba n'kuyamba kuyenda pamafunika dayisi igwe pa 6, koma mukawerengetsera bwino, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amaponya dayisi maulendo 6 osaiona. Nthawi yonseyo wangokhala, palibe chimene akusankha.

Monopoly, masewera ogula malo, ndiye ina. Amene wayamba kugwira malo ambiri amadya lendi, lendiyo n'kumangira nyumba, nyumbazo n'kukwezanso lendi. Wotsalira sabwereranso, ndipo ndalama zikamuthera amatuluka n'kumangoonerera anzake. Sizinachitike mwangozi. Gwero lake ndi The Landlord's Game ya Elizabeth Magie ya mu 1904, yomwe anaikonza dala kuti aonetse mmene eni malo amalemerera pamsana pa ena. Kampani ya Parker Brothers inadzayamba kugulitsa Monopoly mu 1935.

Mayi wa ku Petauke:
Aphunzitsi, pa Monopoly mwaonjezako. Ambiri amaisewera molakwika. Lamulo limati munthu akafika pamalo n'kukana kugula, banki iwagulitse pompo kwa amene watchula mtengo wokwera. Anthu amalidumpha lamuloli, ndiye malo amachedwa kutha. Kenako amaunjika ndalama za msonkho pamalo otchedwa Free Parking kuti wofikapo atole, zomwe m'malamulo mulibe. Ndalama zimenezo zimadzutsa munthu amene amayenera kugwa kale, masewera n'kufika maola anayi. Nyumbanso zilipo 32 zokha ndi mahotela 12, ndipo zikatha musaonjezere ndi zitsekerero za mabotolo. Kuchepako ndi kwadala.

Mkulu wa ku Chadiza:
Kutchuka kulipo kuwiri, ana anga. Nsolo palibe kampani yoitsatsa. Mumangokumba mizere inayi ya maenje pansi pa mtengo, kutola miyala, basi. Chikhala kuti ndi yogwetsa ulesi, bwenzi makolo ataisiya kalekale. Umenewo ndi umboni ndithu, chifukwa ulendo uliwonse mumasankha dzenje loyambira, n'kuwerengera pamene mwala womaliza ukagwere kuti mudye. Katswiri amapambana mlendo pafupifupi nthawi zonse. Pa Ludo agogo amagonja kwa mdzukulu wa giredi 2.

Musanagule, bwerekani kaye musewere katatu ndi achinyamata omwewo. Mmodzi akhale pambali ndi pepala, azilemba maulendo amene wosewera anali ndi njira ziwiri zenizeni zosankhapo, ndi mphindi zimene amadikira kuti nthawi yake ikwane. Akapitirira theka la maulendo osasankha kanthu, musatayirepo ndalama zambiri. Ludo mukaigulabe, lolani amene sanatulutse kalikonse aziponya katatu.