Baldur's Gate yakale ija ikundivuta, thandizeni

Moni nonse mugulu muno, ine ndili ku Luchenza. Ndikufuna kudzasewera gemu ya Baldur's Gate 3 koma ndinati ndiyambe kaye yoyamba ija ya 1998 kuti nkhani yake ndiitsatire bwinobwino, ndiye zikundikanika zedi. Ndili ndi Enhanced Edition (yoyamba yomweyo koma yokonzedwanso) pa laputopu. Ndikangotuluka mu Candlekeep (malo amene gemuyi imayambira) mage wanga (munthu wamatsenga amene ndinasankha) akumaphedwa ndi mimbulu asanapange chilichonse, ndatsitsa difficulty, ndayesa kumaimitsa ndi spacebar pomenyana, ndaoneranso mavidiyo pa YouTube mpaka bandulo kutha koma za THAC0 zija (nambala yoonetsa mwayi womenya mdani) ndi zoti Armor Class (nambala ya chitetezo) ikatsika ndiye yabwino sizikulowabe m'mutu. Nkhani yakeyo ndaikonda kwambiri, sindikufuna kuisiya panjira. Akuluakulu amene munaimaliza, ndiyambe ndi class iti (mtundu wa munthu womusankha mugemumo) yosavuta? Nanga 3 munthu angaimve osasewera ziwiri zakalezo?