Keke ya pa mbaula ndi masewera a ana pa tsiku lobadwa

Amake Tadala, Kamuzu Road:
Makolo anzanga, mwana akukwanitsa zaka 5 Novembala uno ndipo tikuyembekezera ana pafupifupi 15. Uvuni palibe. Kodi keke ingapse bwino pa mbaula? Nanga ana ochuluka chonchi tiwapatse chochita chanji choti atolepo kanthu, poti chaka chamawa akuyamba Sitandade 1?

Nachisale wa ku Lifuwu:
Imapsa bwinobwino achemwali, nkhani yagona pa mchenga. Thirani mchenga wosefa m'poto wamkulu, kuya kwake zala zitatu, utenthe pa mbaula mphindi 15. Ukhale wouma. Wonyowa umatulutsa nthunzi, keke imatuluka yonata, ndiye uyanikeni dzulo lake.

Pakufunika makapu 3 a fulawa, kapu imodzi ndi theka ya shuga, majarini magalamu 250, mazira 4, kapu ya mkaka ndi masupuni a tiyi 3 a baking powder. Takasani majarini ndi shuga mpaka ziyere mbuu, kenaka mazira limodzilimodzi. Fulawa ndi mkaka zizilowa mosinthana. Fulawa ikalowa musatakasenso kwambiri, mungadyetse ana chigumu. Chitini mupake majarini, muwaze kafulawa, ndipo musachidzaze, pakhale malo oti keke ifufume. Mukatero chiikeni pa mchenga uja m'poto, muvundikire.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi pa moto. Makala ambiri akhale pamwamba pa chivundikiro, pansi ochepa chabe. Mukasonkhezera pansi, kunsi kumapserera pakati pali paiwisi. Musavundukule mphindi 30 zisanakwane chifukwa imaphwa pakati. Zikakwana 45 ibayeni ndi mpeni, ukatuluka wouma ndiye kuti yapsa.

aMwale a ku Chipoka:
Baking powder wokhalitsa m'golosale amatha mphamvu, ndiye muyeseni kaye: theka la supuni m'madzi otentha, akapanda kuchita thovu mutayeni. Icing ya majarini iwalani mayi, kutentha kwa Novembala kuno ku Salima imasungunuka ana asanayambe n'kuimba komwe. Sakanizani makapu 2 a icing sugar ndi masupuni 3 a madzi a ndimu, mupake keke itazizira.

Keke imodzi pa ana 15 n'kulawa chabe. Pakhale mpunga wa faya ndi nkhuku, kapena zitumbuwa ndi Sobo. Mtedza wosasinja ndi zidutswa za mabaluni ophulika zikhale kutali ndi tiana tokwawa, timatsamwa nazo.

Aphunzitsi a mkaka phala:
Mwana wa zaka 5 sakhazikika pa chinthu chimodzi kupitirira mphindi 10 kapena 15, choncho masewera akhale afupiafupi. Yambani cha m'ma 3 koloko dzuwa litapendeka, pamthunzi wa mango.

Jambulani pansi mabwalo asanu, mulembemo a, e, i, o, u. Mukaitana "o", onse athamangire m'bwalo la o. Akazolowera, muzitchula mawu ngati "ufa" kapena "ana", iwo apeze okha liwu loyambirira. Pa kuwerenga, tolani zitsekerero za mabotolo, aliyense 10, aziika m'mbale malinga ndi kuwomba kwanu m'manja. Kukakhala dongo, aliyense aumbe chilembo choyamba cha dzina lake apite nacho kwawo. Mwini tsiku awerenge yekha makapu ndi mbale, aone ngati zikwanire alendo ake.

Musaike mphoto ya wopambana mmodzi, otsalawo amangolira. Akatopa akhazikeni pamphasa, muyambe "Padangokhala", muona okha akuyankha "Tili tonse".

Amake Tadala:
Zikomo nonse. Nanga chitini cha keke chikasowa?

Nachisale wa ku Lifuwu:
Kapoto kakang'ono kopanda zogwirira za pulasitiki kamagwira ntchito, bola kasakhudze m'mbali mwa poto wamkuluyo.